Elephant Song (buku la Wilbur Smith)

Elephant Song ndi buku la nkhani yopeka lomwe Wilbur Smith anatulutsa m'chaka cha 1991. Smith anabadwira ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, mu 1933, ndipo anamwalira ku Cape Town mu 2021. Bukuli linatuluka patangopita zaka ziwiri mayiko a m'pangano la CITES atagwirizana zoletsa malonda a minyanga ya njovu pakati pa mayiko.

Mwini nkhani ndi Daniel Armstrong, katswiri wa zachilengedwe amene amajambula mafilimu. Mnzake Johnny Nzou, mkulu wa alonda a nkhalango yopeka ya Chiwewe ku Zimbabwe, akuphedwa pamodzi ndi banja lake, ndipo minyanga yomwe boma linkasunga ikubedwa. Achiwembuwo achokera ku Zambia ataoloka Zambezi, koma iwo ndi aganyu chabe. Eni ndalama ndi Ning Cheng Gong, kazembe wa dziko la Taiwan, ndi Chetti Singh, wamalonda wa ku Lilongwe. Armstrong akuwalondola pofuna kulipsira. Chigawo chomaliza chikusamukira ku Ubomo, dziko lopeka, ndipo kumeneko za njovu zikuchepa, nkhani n'kukhala ya kudula mitengo ndi migodi.

Kwa wowerenga wa ku Zambia, dera lomwe nkhaniyi ikuyambira si lachilendo. Mtsinje wa Chongwe umathira mu Zambezi m'malire a Lower Zambezi National Park, moyang'anana ndi Mana Pools kutsidya la Zimbabwe.

Bukuli lili ndi zilema zake. Nkhanza zachuluka, ndipo mpulumutsi ndi mzungu, pamene anthu akuda ambiri ndi ophedwa kapena okupha. Koma njira ya minyanga Smith anaiona bwino. Mu June 2002, akuluakulu a ku Singapore anagwira kontena yomwe munali matani 6.5 a minyanga. Katunduyo anapakiridwa ku Malawi n'kudzera ku South Africa. Samuel Wasser ndi anzake a pa University of Washington atapima DNA ya minyangayo, anafalitsa mu 2007 kuti njovu zambiri zinaphedwa ku Zambia ndi madera oyandikana nako. Wopha njovu anali kutchire, wotumiza katundu ku Malawi, wogula ku Asia, monga momwe zilili m'bukumo.

Kuba minyanga m'nkhokwe ya boma nakonso kunachitikadi. Zambia inawotcha minyanga yake poyera mu 1992, koma mu 2012 matani pafupifupi atatu anasowa m'chipinda chosungiramo minyanga ku likulu la Zambia Wildlife Authority ku Chilanga. Bungweli linathetsedwa pambuyo pake, ntchito yake n'kupita ku Department of National Parks and Wildlife.