Nthenda ya PTSD Pakati pa Asilikali Akale a ku America

PTSD ndi nthenda ya maganizo imene imagwira munthu amene adayandikira imfa, kapena adavulazidwa koopsa, kapena adapenya ndi maso ake anzake akuphedwa. Ndipo ngakhale imagweranso amayi ogwiriridwa, ana ozunzidwa ndi opulumuka pa ngozi, mbiri yake yatsamira kwambiri pa asilikali, pakuti ndi mwa iwo momwe madokotala adayamba kuiona. Dziko la America, limene kuyambira nkhondo ya ku Vietnam kufikira za ku Iraq ndi Afghanistan latumiza ana ake miyandamiyanda kutsidya la nyanja, ndilo lafufuza nthendayi koposa maiko ena, ndiponso ndilo laonetsa poyera kuti chithandizo chimaperewera ngakhale kumene chuma chili chosefukira.

Madokotala amati munthu ali nayo nthendayi ngati zizindikiro zake zakhalitsa kupitirira mwezi umodzi. Zimene zidachitika kunkhondo zimamubwerera zosaitanidwa, usiku m'maloto oopsa, usana m'zithunzi za m'mutu, kotero kuti kumenyetsa kwa chitseko kapena fungo la dizilo limamubwezera pamalo pomwe mnzake adafera. Tsono amayamba kuzemba chilichonse chomukumbutsa, amapewa misonkhano, mtima wake umachita dzanzi kwa mkazi ndi ana ake omwe, amadziimba mlandu chifukwa chotsala wamoyo, ndipo thupi lake limakhala tcheru usana ndi usiku, osagona tulo, kudzidzimuka ndi kupsa mtima pa kanthu kochepa. Ambiri amene ankayendetsa magalimoto ku Iraq, kumene mabomba ankabisidwa m'mbali mwa msewu, atabwerera kwawo ankakhotetsa galimoto mwadzidzidzi akaona mulu wa zinyalala. Ofufuza za ubongo adapeza kuti kachiwalo kotchedwa amygdala, kamene kamachenjeza thupi za ngozi, kamagwira ntchito mopyola muyeso, pamene mbali ya kutsogolo kwa ubongo, yoyenera kukatonthoza, imafooka. Zili ngati mlonda wa pamudzi amene akukuwabe kuti adani afika, chikhalirecho adaniwo adapita kalekale.

Nthendayi ndi yakale, koma idachedwa kuvomerezedwa. M'chaka cha 1871 dokotala Jacob Da Costa adalemba za asilikali a nkhondo ya pachiweniweni ya ku America amene mtima unkawagunda ndi kuwabanika popanda bala looneka. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dokotala Charles Myers wa ku Britain adalemba m'chaka cha 1915 za amuna onjenjemera, osalankhula ndi oiwala, ndipo dzina lakuti shell shock lidafala. Komabe akuluakulu ankhondo ambiri ankati ndi mantha chabe, ndipo asilikali 306 a Britain ndi maiko ake adaomberedwa pa milandu monga kuthawa ndi mantha, osakhululukidwa kufikira chaka cha 2006.

Amene adasintha zinthu ndi obwerera ku Vietnam. Anyamata amenewa, amene adafika kwawo mmodzimmodzi pa ndege, popanda mwambo wowalandira, m'dziko logawanika pa za nkhondoyo, adayamba mu 1970 kusonkhana okhaokha mu mzinda wa New York kuti azitulutsirana zakukhosi, mothandizidwa ndi madokotala a maganizo Robert Jay Lifton ndi Chaim Shatan. Ambiri ankawayesa zidakwa ndi opokosera. Koma akuluakulu adati wamisala adaona nkhondo, ndipo zimene anyamatawo ankanena zidatsimikizika. Mu 1979 nyumba ya malamulo idalola kuti kutsegulidwe malo a uphungu otchedwa Vet Centers, pamene nthambi yosamalira asilikali akale, ya VA, inkatsogozedwa ndi Max Cleland, amene iye mwini adasiya miyendo yonse iwiri ndi mkono ku Vietnam. Ndipo mu 1980 bungwe la American Psychiatric Association lidalemba PTSD m'buku lake la matenda. Kafukufuku wamkulu wa mu 1988 adapeza kuti mwa amuna 100 alionse amene adakamenya nkhondoyo, pafupifupi 30 adadwalapo nthendayi ndipo 15 adali kudwalabe. Ena atawerengeranso mu 2006 adatsitsa ziwerengerozo kufika pa 19 ndi 9, komatu ngakhale zotsikazo zikunena za anthu mazana a zikwi.

Mankhwala alipo, ndipo ichi n'chofunika kuchinena momveka, pakuti ambiri amaganiza kuti wogwidwa ndi nthendayi watayika. Njira ya katswiri wa maganizo Edna Foa imamuyendetsa wodwala pang'onopang'ono kuti afotokoze mobwerezabwereza chimene chidachitika ndi kuyandikiranso malo amene ankawathawa, kufikira mantha atazilala. Ya katswiri wina, Patricia Resick, imamuthandiza kupenda maganizo odzitsutsa, monga akuti ndikadachita chakuti mnzanga sakadafa. Zonse ziwiri zimatenga miyezi ngati itatu ya kukumana sabata ndi sabata, ndipo pali mapiritsi awiri ovomerezeka ndi boma, sertraline ndi paroxetine. Koma njirazi ndi zowawa, chifukwa zimafuna kuti munthu atsegule chimene wakhala akuchikwirira zaka zambiri, ndipo ochuluka amalekera panjira. Dokotala Jonathan Shay, amene adasamalira asilikali akale ku Boston, adaonetsanso kuti pali bala lina la chikumbumtima, la munthu amene adaperekedwa ndi omulamula pa chinthu chimene iye ankadziwa kuti n'cholakwa. Limeneli mapiritsi salifikira.

Vuto lalikulu lili pa kupeza dokotala. Bungwe la kafukufuku la RAND lidalengeza mu 2008 kuti mwa asilikali oposa 1.6 miliyoni amene adali atatumizidwa ku Iraq ndi Afghanistan, pafupifupi 300,000 adali ndi PTSD kapena nthenda ya kukhumudwa kwakukulu, kuti ongopitirira theka ndiwo adafuna chithandizo, ndi kuti mwa ofunawo, ongopitirira theka ndiwonso adalandira chokwanira ndi pang'ono pomwe. Otsalawo ankaopa kuti akadziulula adzaoneka ofooka pamaso pa anzawo ndi kutsekeredwa mwayi wokwezedwa pa ntchito. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake nyuzipepala ya Washington Post idali itavumbula kale kunyalanyazidwa kwa ovulala pa chipatala cha asilikali cha Walter Reed.

Choipitsitsa chidaululika mu 2014 ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona. Pofuna kuoneka ngati akukwaniritsa lamulo lakuti wodwala aonedwe m'masiku 14, akuchipatala cha VA kumeneko ankabisa maina. Ofufuza a boma adapeza anthu 1,700 osalembedwa pa mndandanda weniweni, ndipo pa gulu limene adaliunika, odwala ankadikira masiku 115 pamene chipatala chinkanena 24. Izi zidakhudza odwala a mitundu yonse, koma kwa munthu wa PTSD kuchedwa kotere n'koopsa mwapadera, pakuti iye amene nthenda yake yomwe imamuuza kuti athawe, akalimba mtima tsiku limodzi nakagogoda, kenaka n'kuuzidwa kuti abwere miyezi inayi ikatha, kawirikawiri sabweranso. Nduna ya VA, Eric Shinseki, idatula pansi udindo pa 30 May chaka chomwecho, ndipo padakhazikitsidwa lamulo lolola okhala kutali mamailosi oposa 40, kapena odikira masiku oposa 30, kupita kwa madokotala ena boma n'kulipira. Lamulo la MISSION la 2018 lidakuza njirayi, ngakhale madokotala ambiri a kunja kwa VA sadaphunzire bwino za nkhondo, ndipo m'madera a kumidzi, kumene kumakhala pafupifupi mmodzi mwa asilikali akale anayi alionse, akatswiri a maganizo ndi osowa.

M'zaka zaposachedwapa asilikali akale oposa 6,000 akhala akudzipha chaka chilichonse, ndiko kuti ngati 17 pa tsiku, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 alionse amagwiritsa ntchito mfuti. Si onse amene adali ndi PTSD, pakuti kusungulumwa, ululu wa m'thupi, mowa ndi ngongole zimalowererapo. Koma oposa theka la iwo adali asadaonedwe posachedwa ku zipatala za VA. Lamya yothandiza asilikali akale amene afika pothedwa nzeru idatsegulidwa mu 2007, ndipo kuyambira mu July 2022 munthu amangoimba 988 n'kudina 1.