Mawu Amene Sanaloŵe M'manda

Aliyense amene anaimbapo m'kwaya ya ku Mvera kapena ku Kongwe akudziŵa kuti tenala ndi mawu a mwamuna okwera pamwamba pa besi. Ku Ulaya mawu ameneŵa ndiwo amatsogolera masewero oimba otchedwa opera, ndipo mwa oimba ake onse wotchuka anali Enrico Caruso.

Caruso anabadwira m'banja losauka ku Naples, m'dziko la Italy, m'chaka cha 1873. Kuimba anayambira m'tchalitchi ndi m'misewu. Mwayi wake unadza mu 1902 pamene anajambulitsa nyimbo khumi pa mbale za galamafoni ku Milan, nalandira mapaundi 100. Mbalezo zinamtsogolera kutali, kotero kuti mu 1903 anayamba kuimba ku Metropolitan Opera mumzinda wa New York. Mu December 1920 anatuluka magazi kukhosi ali mkati moimba, ndipo anamwalira kwawo ku Naples mu 1921, ali ndi zaka 48.

Thupi analiika, koma mawu anatsala m'mbale, ndipo mpaka lero akumveka.

M'zaka zomwezo mapiri a Dowa ndi Ntchisi anali nawo oimba awo otsogolera nyimbo pamaliro, pachinamwali ndi kubwalo la gule. Galamafoni sinawapeze, choncho mawu awo anapita nawo kumsitu. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera. Koma angagonere bwanji popanda wowasunga? Agogo amene akali moyo akuimbabe kumudzi, ndipo makina ojambulira tili nawo ife ophunzira.