Kachilombo si ka Edzi kokha ayi

Mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Mirrabooka, mumzinda wa Perth, anaimbira foni amayi ake kumudzi: "Amayi, adokotala akuti andipeza ndi kachilombo m'mimba." Gogoyo anangoti kakasi, misozi mbwembwembwe. Kwathu mawu akuti kachilombo tinawapanikizira pa HIV yokha, ndipo zimandimvetsa chisoni.

Kachilombo ndi chilombo chaching'ono basi. Chilombo ndi chija cha kuthengo, monga fisi. Ka- uja ndiye wachichepetsa mpaka maso osachiona. Kolera, TB, chimfine, matenda onsewa ali ndi tizilombo tawo.

Kamene anapezeka nako mayiyu ndi bakiteriya, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kandodo. Dzina lake ndi Helicobacter pylori, kamene kamayambitsa zilonda zambiri za m'mimba, zija timanamizira tsabola ndi nkhawa. Anakatulukira mu Perth momwemu, pa Royal Perth Hospital, ndi Robin Warren ndi Barry Marshall mu 1982. Anzawo atakayikira, Marshall anachita kumwa dala tizilomboto mu 1984, nadwaladi. Mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel.

Kachilomboka kamatha ndi maantibayotiki pamodzi ndi mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, kumwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri.