Siteji ya Matebulo: Zisudzo za m'Sekondale ku Malawi ndi Chiyankhulo Chake

Pamene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inkayamba, Nyasaland idalibe sukulu ya sekondale ngakhale imodzi. Yoyamba, Blantyre Secondary School, idatsegulidwa ndi mamishoni a Chipulotesitanti mu 1940. Akatolika adatsegula yawo ku Zomba mu 1942, ndipo boma la atsamunda lidazengereza mpaka 1951 pamene lidatsegula ya ku Dedza. Sukuluzi zinali zogonera komweko, ndipo zidabwera ndi zambiri kuwonjezera pa mabuku ndi mayeso a Cambridge. Zidatengera chikhalidwe chonse cha sukulu za ku Britain: mapulifekiti, mpira wa pakati pa mahositelo, makalabu a mtsutso, kwaya, komanso mwambo wopereka mphotho potseka sukulu.

Masiku otsiriza a teremu ali ndi vuto lake. Mayeso atha, aphunzitsi ali kalikiliki kuchonga mapepala, ndipo anyamata mazana angapo angokhala manja lende. Hedimasitala aliyense amadziwa kuti mawindo amasweka sabata imeneyi. Choncho masikuwa ankadzazidwa ndi mipikisano, nyimbo, magule ndi masewero. Ana ankalumikiza matebulo a m'holo yodyera kukhala siteji, mabulangete awiri pa chingwe nkukhala katani. Olemba mbiri ya maphunziro amakonda kuwerenga malamulo a boma ndi chiwerengero cha okhoza mayeso, sabata iyi nkuidumpha. Komatu pa matebulo amenewa ndi pomwe padakulira mbali yaikulu ya zisudzo za Malawi, ndipo ndi pomwenso ana adaphunzira, popanda wowalembera pa bolodi, kuti chiyankhulo chopatsa chikho ndi chiti, chongoseketsa anthu ndi chiti.

Zinthu zitatu zidachitika motsatizana dziko litalandira ufulu. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko lonse, pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chaka chomwecho kudabwera lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo, lomwe lidabala Censorship Board. Kenako mu 1969 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, Association for the Teaching of English in Malawi, lomwe aliyense amangoti ATEM, lidayambitsa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale.

Cholinga cha ATEM chili m'dzina lake lomwe. Aphunzitsiwo sankafuna kubala akatswiri a zisudzo. Ankafuna kuti mwana amene amachita manyazi kuyankha funso m'kalasi atsegule pakamwa, atchule mawu a Chingerezi momveka. Sewero linali njira chabe. Koma mpikisano uli ndi mphamvu yake. Sukulu ikapambana m'dera lake inkapita kukakumana ndi za m'chigawo chonse, kenako ndi za dziko lonse, ndipo ulendo wa pa lole wopita ku mzinda wina unali mphotho kale kwa mwana wa Fomu 3. Poyamba ambiri ankasewera zolemba za kunja. Patapita nthawi aphunzitsi ndi ana adayamba kulemba zawozawo, za ukwati, ufiti, katangale wa m'maofesi, mwana wophunzira wobwerera kumudzi. Pa nthawi imodzimodziyo ku Chancellor College kudabadwa Travelling Theatre, gulu loyendayenda lomwe sukulu za sekondale zinali pakati pa malo omwe linkakaseweramo, ndipo mu 1976 James Gibbs adasonkhanitsa buku la Nine Malawian Plays. Mwana wa ku sekondale tsopano akadatha kugwira m'manja sewero losindikizidwa lolembedwa ndi Mmalawi mnzake.

Sewero lililonse linkayenera kudutsa kaye m'manja mwa a Censorship Board. Apa m'pamene luso la Amalawi lokuluwika lidapeza ntchito. Mfumu yankhanza ya m'sewero inkakhala ya kalekale, ya mudzi wopanda dzina. Chilala chinkakhala chilala basi, kwa wosafuna kumva zambiri. Wounika akadatha kufufuta mzere pa pepala, koma sakadatha kufufuta mmene mwana angatsokomolere, angagwirire ndodo kapena angaimire kaye pang'ono asanamalize chiganizo.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Dunduzu Chisiza Junior, amene Amalawi amangomutchula kuti Du. Adabadwa mu March 1963, patatha miyezi isanu ndi umodzi bambo ake, Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, atafa pa ngozi ya galimoto ku Thondwe, pa msewu wa Zomba. Mbale wa bambo akewo, Yatuta, adatuluka m'boma pa mkangano wa nduna wa 1964, ndipo adaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti. Dzina loti Chisiza silinali lotchulatchula. Ndiye mu 1982 mnyamata wa dzina limeneli, akuphunzira ku HHI ku Blantyre, adalemba sewero lotchedwa The Deceased's Attack nkupambana nalo mpikisano wa dziko lonse. Mutu wokhawo, wonena za womwalira amene akuukira amoyo, unali wokwanira kuti akuluakulu okhala m'holo ayang'anane. Mu 1987, atabwera ku maphunziro ku America, Du adakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba m'Malawi lomwe anthu ake ankadyera zisudzo. Masewero ake ngati Papa's Empire ankadzaza maholo, ndipo ambiri mwa owonerera anali anthu amene adazolowera kukhala pansi kuonera sewero la Chingerezi ali pa yunifolomu. Gertrude Kamkwatira, amene pambuyo pake adatsogolera gulu lake la Wanna-Do, adatulukira m'gulu lomweli. Zoti Du yemweyo adadzakhala nduna m'boma la Dr Banda m'miyezi yake yotsiriza ndi nkhani ina, ndipo anthu sadagwirizanebe pa tanthauzo lake.

Nanga n'chifukwa chiyani boma lomwe linkaopa ngakhale siketi yaifupi lidalola mpikisanowu kupitirira chaka ndi chaka? Ine ndikuganiza kuti yankho lili m'chiyankhulo chomwecho. Ophunzira a sekondale anali ochepa kwambiri, ndipo sewero la Chingerezi silinkatuluka kunja kwa mpanda wa sukulu. Chitsanzo cha ku Kenya chimaunikira mfundoyi. Ngugi wa Thiong'o adalemba The Trial of Dedan Kimathi pamodzi ndi Micere Mugo m'Chingerezi, osamangidwa. Atalemba Ngaahika Ndeenda m'Chigikuyu pamodzi ndi Ngugi wa Mirii, nkuisewera ndi alimi ndi antchito a ku Kamiriithu mu 1977, adatsekeredwa chaka chathunthu. Sikuti ku Malawi Chingerezi chinali chishango chosabooka: Jack Mapanje, wolemba ndakatulo m'Chingerezi, adamangidwa mu 1987 nkutuluka mu 1991. Koma mwana wovala tayi wolankhula mokuluwika kwa anzake mazana atatu sankasowetsa boma tulo ngati mmene akadachitira munthu wolankhula pa msika.

Mtengo wake udalipiridwa ndi makolo. Pa tsiku lopereka mphotho mayi amene wagulitsa mtedza kuti alipire fizi ankakhala pa benchi maola atatu, kumva hedimasitala, mlendo wolemekezeka ndi mwana wake yemwe akulankhula chiyankhulo chimene iye sachimva, nkumawomba m'manja ena akawomba. Chichewa chinkakwera pa siteji ndithu, koma nthawi ya kwaya, ya chimtali ndi beni, kapena m'kamwa mwa wantchito wa m'nyumba amene ntchito yake m'sewero n'kuseketsa. M'kalasi ana omwewo ankawerenga mabuku a J.W. Gwengwe ndi E.J. Chadza nkulemba mayeso a Chichewa, koma m'sukulu zambiri kuchiyankhula pabwalo kunkapatsa chibalo cha kutchetcha udzu. Kamuzu Academy, yomwe Dr Banda adatsegula ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, mu 1981, idangofikitsa maganizowa pa mapeto ake: Chilatini ndi Chigiriki zinali zokakamiza, aphunzitsi anali azungu okhaokha, ndipo chiyankhulo chomwe mwini sukuluyo ankakonzera anthu galamala yake pa misonkhano chidatsala kunja kwa geti.

Tisafulumire kulirira Chichewa chokha. Kwa mwana wa ku Rumphi kapena Karonga, amene chiyankhulo chake chidachotsedwa pa wailesi mu 1968, siteji ya Chingerezi inali malo amodzi pomwe sankayamba mpikisano ali kumbuyo kwa mnzake wa ku Dowa. Banja la a Chisiza lenilenilo ndi la ku Karonga. Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga zidalibe ngakhale mayeso. Mpikisano ukadakhala wa m'Chichewa, ukadavulazanso ena.

Zisudzo za m'Chichewa zidakula ndithu, koma kwina. Zidakulira pa wailesi ya MBC, m'mapulogalamu ngati Kapalepale wa Smart Likhaya Mbewe ndi Sewero la Sabata Ino, komanso m'magulu a m'tauni ngati Kwathu, komwe John Nyanga ndi Eric Mabedi adatchuka ndi maina oti Izeki ndi Jakobo. M'zaka za m'ma 1980 nawonso a Travelling Theatre, pamodzi ndi aphunzitsi awo ngati Chris Kamlongera ndi David Kerr, adayamba kusewera m'Chichewa ndi kupita kumidzi. Koma mpanda womwe udamangidwa kusukulu udakhalabe m'mitu ya anthu: sewero la Chingerezi ndi luso, la Chichewa ndi nthabwala. Izeki ndi Jakobo ankanena zinthu zolasa mtima zokhudza umphawi, chinyengo ndi matenda, ndipo ankamveka kwa anthu ochuluka kuposa amene adaonerapo mpikisano wa ATEM, koma ophunzira ambiri ankawatchula kuti anthu oseketsa.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, zina zomwe zinkadzaza kalendala ya sukulu zidatha. Alangizi a Malawi Young Pioneers ophunzitsa perete adachoka, ndipo Youth Week, sabata yomwe ana ankalambula misewu ndi kukonza milatho, idazimirira. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere chaka chomwecho, khamu la ana lidasefukira kusekondale, ndipo mu 1998 malo ophunzirira a MCDE adasandutsidwa ma Community Day Secondary School. Ambiri mwa ophunzira a sekondale lero ali m'sukulu zoterezi, zoyendera, zomwe zambiri zilibe holo yodyera yoti nkutengamo matebulo. Mwambo wotsekera teremu umachitikira pansi pa mtengo kapena m'tchalitchi chapafupi, ndipo popeza makolo amakhala a m'midzi yozungulira pomwepo, a mfumu ndi a komiti ya sukulu amalankhula chiyankhulo cha deralo. Nawo ana akamasewera za mimba za atsikana kapena za fizi, amasewera m'chiyankhulo chomwecho, amayi awo nkumayankhira ali pa mphasa. Sewero la Chingerezi amalisungira ulendo wa ku mpikisano, ngati ndalama ya thiransipoti yapezeka.