Ku Tsvingwe sikelo ndi ya golide yokha

Ukachoka mumzinda wa Mutare n'kukwera chitunda cha Christmas Pass, msewu wopatukira kumanja umakutsitsira m'chigwa cha Penhalonga. Ndi ulendo wa makilomita osakwana 20. M'chigwamo ndi momwe muli Tsvingwe, dera la nyumba zothithikana lomwe lakhala likudya za mumgodi. Mapiri ozungulira ali maenje okhaokha, ndipo mwa anthu okhala kumeneko muli zidzukulu za machona, amuna omwe anachoka ku Nyasaland ndi ku Tete kukasaka ndalama ya msonkho koma osabwereranso kwawo. Pamaliro ena Chinyanja chimamvekabe, chosakanikirana ndi Chimanyika.

Golide wa m'chigwachi amayezedwa mosamala. Lamulo limati agulitsidwe ku Fidelity Gold Refinery, ndipo ngakhale wogula wozembetsa amayenda ndi kasikelo m'thumba. Chomwe sichinakhalepo ndi sikelo ndi nthawi yomwe mayi amathera pa benchi ya kuchipatala, kapena ndalama zomwe zimanyamuka ku Harare m'dzina la wodwala. Mbiri ya chipatala kuno ndi mbiri ya eni ake osinthanasinthana, ndipo mwini aliyense anali ndi wake womuyankha, yemwe sanali wodwalayo.

Chipatala chachizungu chinafika ku Penhalonga wapansi. Mu 1891 anamwino atatu, Rose Blennerhassett, Lucy Sleeman ndi Beryl Welby, anavomera pempho la Bishopu George Knight-Bruce wa mpingo wa Anglican. Anakwera ngalawa kuchoka ku Beira kulowera mtsinje wa Pungwe, kenako anayenda ndi miyendo makilomita oposa 200, n'kufika mu July. Chipatala chawo chinali tinyumba ta dothi tofolera ndi udzu. Mpaka lero ku Penhalonga kuli chipilala chowakumbukira, ndipo kulimba mtima kwawo palibe angakutsutse. Koma amene ankagona pa mabedi awo ambiri anali azungu osaka golide omwe malungo anawagwetsa. Amuna omwe anasenza katundu wa anamwinowo njira yonse alibe chipilala.

Migodi ya Rezende ndi Penhalonga itakhazikika, munthu wakuda anakumana ndi mtundu wina wa chipatala, cha kampani. Ntchito yake inali kubweza wantchito kumgodi msanga. Kapitawo akaona kuti ukutha kuima, ndiye kuti wachira. M'makomboni a migodi ya Southern Rhodesia anthu ankagona mopanikizana, chakudya chili ufa ndi mchere, nyama mwa apo ndi apo, ndipo chibayo ndi matenda otupitsa nkhama obwera chifukwa chosowa ndiwo zamasamba zinkapulula anthu. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, anapeza kuti ogwira ntchito akuda oposa 30,000 anafa m'migodi ya dzikolo pakati pa 1900 ndi 1933, ambiri ndi matenda osati ngozi. Chimfine cha 1918 chinangodzamaliza. Ambiri mwa akufawo anali ochokera kumpoto kwa Zambezi, anthu athu, omwe m'zaka zotsatira ankabwera kudzera ku Mthandizi kapena pa malole a Ulere. Bambo akafa kumeneko, kumudzi kunkafika bulangete ndi mphekesera, mwina osafika chilichonse. N'chifukwa chake machona anayambitsa timagulu tosonkherana ndalama za maliro. Anaona kuti za kuchira alibe nazo mphamvu, koma za kuikidwa mwaulemu angathe kudzikonzera okha.

Mwini wachiwiri anali mishoni. Tauni ya Umtali (Mutare wa lero) itasamutsidwa kutsatira njanji yochokera ku Beira, malo ake akale anaperekedwa kwa Bishopu Joseph Hartzell wa mpingo wa Methodist kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo pamalopo panadzakhala chipatala cha Old Mutare. A Anglican anali kale ndi St Augustine's ku Penhalonga komweko, kenako anamanga chipatala ku Bonda. Amishoni anachita zambiri ndi zochepa. Komabe chithandizo chawo chinali chachifundo, ndipo wolandira zachifundo amati zikomo, safunsa kuti bwanji lero mankhwala achepa.

Zinthu zinatembenuka mu 1980, boma litakhala mwini wachitatu. Boma la Robert Mugabe, nduna ya zaumoyo ali Dr Herbert Ushewokunze, linalengeza kuti aliyense wolandira ndalama zosapitirira madola 150 a Zimbabwe pa mwezi azilandira chithandizo chaulere. Nthawi imeneyo izi zinkatanthauza pafupifupi wantchito wamba aliyense wa mumgodi ndi pa famu. Zipatala zing'onozing'ono zinamangidwa m'midzi, azaumoyo a m'mudzi anaphunzitsidwa n'kupatsidwa njinga, zimbudzi za Blair zinamera m'makomo, katemera anafika kwa ana ochuluka, imfa za makanda zinatsika. Akuluakulu omwe anaona zaka zimenezo amazikamba ngati mmene ena kwathu kuno amakambira za mankhwala a m'zipatala za kale, ndipo sikuti akungokokomeza. Kwa nthawi yoyamba chipatala chinakhala lonjezo la boma kwa nzika, chinthu chomwe munthu angafunse kwa phungu wake.

Lonjezolo linayamba kudyeka mwakachetechete. Mitengo inkakwera, malipiro ankakwera pa pepala, koma malire a madola 150 aja anangokhala pomwepo, mwakuti anthu ankatuluka m'gulu la olandira zaulere popanda kulemera. Mu 1991 kunabwera ESAP, ndondomeko ya chuma yogwirizana ndi World Bank ndi IMF, ndipo zipatala zinauzidwa kuti zizitolera ndalama mosanyengerera. Mu 1992 malire anakwezedwa kufika pa madola 400, koma tsopano wodwala ankayenera kubweretsa umboni woti ndi wosauka. Mzere unasanduka iwiri. Woyamba unali ku ofesi yosamalira ovutika kukapempha kalata, wachiwiri kuchipatala. Ambiri anangosiya, n'kumafika matenda atakula. Ndipo zonsezi zinkachitika pomwe kachilombo koyambitsa Edzi kankafalikira mpaka kudzagwira pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse.

Apa m'pomwe Zimbabwe inayambitsa chinthu chomwe mayiko ena anachitamanda: msonkho wa Edzi. Kuyambira mu January 2000, aliyense wolipira msonkho pa malipiro ake ankawonjezera 3 pa 100 iliyonse ya msonkhowo, ndalamazo n'kupita ku National AIDS Council. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa, Zimbabwe ndi Malawi ali momwemo, analonjezana ku Abuja kuti 15 pa 100 iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo. Zimbabwe yakhala ikuperewera pa mlingowu chaka ndi chaka, ndipo ngakhale zomwe nduna ya zachuma imawerenga m'nyumba ya malamulo sizifika zonse ku unduna.

Chaka chomwecho cha 2001 chinabweretsa tsoka lina kwa ana a machona. Lamulo la unzika linasinthidwa, n'kulamula kuti aliyense yemwe kholo lake linabadwira kunja akane unzika wa dziko la khololo, ngakhale sanapondeko phazi. Ambiri m'makomboni a migodi ndi m'mafamu sanathe kutero pa nthawi yake. Ziphaso zawo zinawatchula kuti ndi alendo, ndipo anachotsedwa m'kaundula wa ovota. Nkhaniyi imakambidwa ngati ya zisankho, koma ine ndimaiona ngati ya chipatalanso. Munthu wopanda voti khansala samuopa. Angadandaule kuti pa windo la mankhwala palibe kanthu, koma dandaulo lake lilibe mano.

Za 2008 sitichita kutambasula. Ndalama inasanduka mapepala, malipiro a namwino sankakwana basi ya tsiku limodzi, zipatala zikuluzikulu za ku Harare zinatseka mawodi, ndipo kolera anagwira anthu pafupifupi 100,000 n'kupha oposa 4,000.

Yemwe anadzatola zidutswa anali mwini wachinayi, mayiko othandiza. Mu 2011 kunakhazikitsidwa thumba la Health Transition Fund loyendetsedwa ndi UNICEF, cholinga chake chachikulu chili choti amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka zisanu asamalipire. Chaka chomwecho World Bank, kudzera ku bungwe la Cordaid, inayamba kulipira zipatala za kumidzi potengera ntchito yomwe zagwira: amayi angati achirira pachipatala, ana angati abayidwa katemera. Apa pokha ndi pomwe sikelo inayandikira wodwala. Ndalama zinkalowa ku chipatala chenichenicho, komiti ya anthu a m'deralo inkakhala pansi ndi namwino wamkulu kugwirizana zogula, ndipo ena ankayenda m'makomo kufunsa amayi ngati analandiradi chithandizo chomwe chalembedwa m'buku. Denga linakonzedwa, nyumba zodikirira amayi oyembekezera zinamangidwa. Chovuta n'choti malipoti ake ankalembedwera kwa eni ndalama, kutsidya kwa nyanja. Pomwe dziko la America linaimitsa thandizo lake mu January 2025, zinaoneka poyera kuti mzati wobwereka mwini wake amautenga tsiku lomwe wafuna.

Pa pepala, nzika ya Zimbabwe lero ili ndi pogwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013, mu gawo 76, amati nzika iliyonse ndi aliyense wololedwa kukhala m'dzikolo mokhazikika ali ndi ufulu wolandira chithandizo chofunikira cha zaumoyo, ndipo palibe chipatala chololedwa kubweza munthu wofunika thandizo la mwadzidzidzi. Gawo 43 linabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe omwe kholo lawo ndi la dziko la mu SADC, kotero mdzukulu wa tchona wa ku Dedza kapena ku Mangochi ndi nzika ngati wina aliyense. Lamulo la zaumoyo la 2018, lomwe linalowa m'malo mwa la atsamunda la 1924, linavomereza makomiti a pa zipatala, zomwe bungwe la Community Working Group on Health linakhala likumenyera kuyambira mu 1998.

Koma ufulu wa pa pepala umakumana ndi njira yokhotakhota. Wodwala wa ku Tsvingwe amayambira pa chipatala chaching'ono, akakanika amatumizidwa ku chipatala cha mishoni kapena kuwoloka Christmas Pass kupita ku chipatala chachikulu cha chigawo cha Manicaland, chomwe tsopano chimatchedwa Victoria Chitepo. Nyumba ikhoza kukhala ya khonsolo ya Mutasa kapena ya mpingo, namwino wolipidwa ndi boma, mankhwala ochokera ku kampani ya boma ya NatPharm, ena ogulidwa ndi Global Fund. Mankhwala akasowa, aliyense amaloza mnzake. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Apa mapanga ndi anayi.

Ndipo omwe ankalankhula mokweza, ogwira ntchito m'zipatala, akhala akutsekedwa pakamwa. Mu April 2018 wachiwiri kwa pulezidenti, Constantino Chiwenga, analengeza kuti wachotsa ntchito anamwino oposa 15,000 omwe ankanyanyala, ngakhale pambuyo pake anabwerera. Madokotala ananyanyala kuyambira September 2019 mpaka January 2020, ndipo chomwe chinawabweza si boma koma ndalama za mpondamatiki Strive Masiyiwa. Mwezi womwewo wa September 2019, Mugabe anamwalirira m'chipatala cha ku Singapore. Mu July 2020 nduna ya zaumoyo Obadiah Moyo inachotsedwa pa nkhani ya kontrakiti ya madola 60 miliyoni a America yogulira zipangizo za Covid-19 ku kampani ya Drax International, mlandu womwe khoti lalikulu linadzauthetsa. Mu January 2023 kunasainidwa lamulo loti azaumoyo asanyanyale kupitirira maola 72, wolakwira akhoza kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi. Anamwino anayankha ndi mapazi: azaumoyo oposa 4,000 anasiya ntchito m'zaka za 2021 ndi 2022, ambiri kulowera ku Britain. Namwino mmodzi akachoka, benchi ija imatalika, ndipo wotsalayo ndi amene amatukwanidwa.

Nawo mgodi sulinso kholo la aliyense. Mgodi wa Redwing wa m'chigwachi, wa kampani ya Metallon, utagwa m'ngongole, malo ake anadzaza ndi okumba paokha, omwe kumeneko amati makorokoza. Alibe chipatala cha kampani, ngakhale chouma mtima chija cha agogo awo. Mu January 2024 dzenje linagumuka ku Redwing n'kutsekera amuna 15 pansi. Onse anatuluka amoyo patapita masiku angapo, dziko lonse likuonerera. Ovulala tsiku ndi tsiku, ndi omwe fumbi la miyala likuwadya mapapo pang'onopang'ono, amakafola pa mzere womwewo ndi mayi wa mwana wa malungo.

Chosiyana ndi kale n'choti tsopano wosauka nayenso amalipira mwachindunji. Kuyambira 2017, masenti 5 pa dola iliyonse ya mayunitsi a foni ndi intaneti amapita ku thumba la zaumoyo. Mu 2024 nduna ya zachuma Mthuli Ncube inawonjezera msonkho pa shuga wa m'zakumwa, n'kunena kuti ndalamazo zigulira makina ochizira khansa. Kumapeto kwa chakacho bungwe la madokotala la Zimbabwe Association of Doctors for Human Rights linalembera unduna wa zachuma kufunsa kuti zatoleredwa zingati ndipo zagula chiyani. Yankho linali loti zapitirira madola 30 miliyoni a America, makinawo asanagulidwe. Pa nthawiyo, m'zipatala za boma makina owotchera khansa ankapezeka ku Parirenyatwa mu Harare ndi ku Mpilo mu Bulawayo basi, ndipo ankakhala akufa kwa nthawi yaitali. Mnyamata wotuluka m'dzenje ku Tsvingwe akagula botolo la chakumwa pa golosale ndi mayunitsi a dola imodzi, waponya kale m'matumba awiri. Mayi ake akapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, Harare ali pa mtunda wa makilomita oposa 260.