Dzanja la kalaliki pa botolo la Coca-Cola

Mwezi watha msuweni wanga anandipempha kuti ndimusankhire zilembo za pa khadi la ukwati wake. "Ndikufuna zopiringizika zija, ngati za pa Coca-Cola," anatero. Ndinaseka, koma mtsikanayu anakhudza mbiri yaitali asakudziwa.

Zilembo za pa botolo zija sizinachokere mu kompyuta ayi. Ndi dzanja la munthu. Mu 1886, ku Atlanta, John Pemberton atapanga chakumwa chake, amene anapeka dzina la Coca-Cola anali kalaliki wake wowerengera ndalama, Frank Robinson. Kalembedwe kamene dzinalo linalembedwa nako si kachilendo: ndi Spencerian, kamene makalaliki a ku America ankalemba tsiku ndi tsiku.

Mwini kalembedweka anali Platt Rogers Spencer, wobadwa mu 1800. Ankaphunzitsa kuti zilembo zonse zimamangidwa ndi timizere tochepa, tina tozungulira ngati dzira, tonse topendekera mbali imodzi. Mukafuna kuti mzere unenepe mumakanikiza cholembera potsika, pokwera n'kupepuza dzanja. Masukulu a zamalonda anatengera njirayi, moti makalata a m'mabanki ndi mabuku a ngongole ankalembedwa choncho. Tangoganizani: zimene lero timati n'zapamwamba, zoyenera ukwati, zinali zolembera amene sanabweze ngongole!

Kenaka kunabwera taipi ya Remington mu 1874, n'kubweranso njira ya Austin Palmer, yosakongola kwenikweni koma yofulumira. Muofesi safuna maluwa, amafuna changu. Spencerian inatsalira pa zikwangwani ndi pa masatifiketi.

Kusandutsa dzanja kukhala font sinali ntchito yamasewera. Kale chilembo chilichonse chinkakhala pa kachitsulo kakekake, ndiye kulumikiza mchira wa china ndi mutu wa chinzake kunkavuta. Kusindikiza kogwiritsa ntchito kuwala ndi filimu kutayamba, Matthew Carter anatulutsa Snell Roundhand mu 1966, potsanzira dzanja la Charles Snell, mphunzitsi wa kalembedwe wa ku England amene anakhalako kale Spencer asanabadwe. Zapfino ya Hermann Zapf inadza mu 1998. Imeneyo ine ndimaiopa. Michira yake imadya malo ngati dzungu m'munda.

Tsono tafika kosindikizira makadi, tinapeza mnyamata wa pamenepo walemba chilichonse m'zilembo zazikulu zokhazokha. Mayina anali ngati zingwe zokolana. Zilembo zazikulu za kalembedwe kotere anazipangira kuyamba mawu, osati kuima pamzera. Vuto lina linali ŵ: font yake inalibe chilembochi, ndiye pa "Malaŵi" kompyuta inabwereka ŵ wa mtundu wina, woongoka, ali yekha pakati pa anzake opendekera.

"Achimwene, chonde tisinthe," ndinatero. Zopiringizika tinazisiya pa mayina a akwati awiriwo basi. Tsiku, tchalitchi ndi malo a madyerero tinalemba m'zilembo wamba. Agogo atalandira khadi lawo anawerenga okha mpaka nthawi yoyambira mwambo, koma pa dzina la mkwati anaitana mdzukulu.