Masewero a kubwezera: za ku Athens, ku Moatize ndi pa Zóbuè

Inu atsogoleri a makalasi, caka cikamatha ophunzira anu amafuna kucita sewero, ndipo masewero amene amapeka okha ambiri ndi a kubwezera. Mbale waphedwa, wotsala anola nkhwangwa, oonera aomba m'manja. Ena mwa inu mwatifunsa ngati nkoyenera kuwaletsa. Tisanayankhe, tione kaye kumene nkhaniyi icokera.

Masewero otere si a dzulo ai. M'caka ca 458 Yesu asanabadwe, ku Athens, Aeschylus anaonetsa masewero atatu, dzina lake Oresteia. Mfumu Agamemnon inapha mwana wake wamkazi ngati nsembe popita kunkhondo. Pobwera, mkazi wake anaipha. Mwana wao Orestes anapha mai wake kulipsira bambo. Lacitatu ndilo lotikoka mtima. Mlandu upita pabwalo, oweruza agawikana pakati ndendende, Orestes amasulidwa, ndipo kuphana kuthera pomwepo. Shakespeare, ca m'ma 1600, sanampatse Hamlet bwalo lotere. Abwezeradi imfa ya bambo wake, koma pomaliza mfumu, mfumukazi, Laertes ndi iye mwini onse ali gone, ufumu wa Denmark nugwa m'manja mwa mlendo wa ku Norway.

Ife a kuno ku Tete sitisowa kukabwereka nkhani kutali cotero. Mu Setembro 1976 mgodi wa malasha wa Chipanga 6 ku Moatize unaphulika, nupha anthu pafupifupi 100. Caka cisanathe, pa 2 Agosto 1977, unaphulikanso wa Chipanga 3, ndipo anchito 64 anathera pansi. Tsiku lomwelo, mkwiyo utasefukira, akuluakulu a mgodi 9 anaphedwa, Apwitikizi 7 ndi a ku Belgium awiri. Zaka zambiri nkhaniyi inkangonong'onedwa. Taganizani mmene wopeka sewero angaigwirire. Akayambira pa amai olira pakhomo pa mgodi, oonera adzati: anacita bwino! Akayambira pa mwana wa mmodzi wa asanu ndi anai aja, wodikira bambo wake madzulo, adzati: nkhanza! Zonse ziwiri zinacitikadi, ndipo kuphedwa kwa 9 aja sikunaturutse ndi mmodzi yemwe wa 64 ali wamoyo.

Kenaka nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inakula. Anthu oposa 1,000,000 anathawira ku Malawi, ambiri a kuno ku Tete, ndipo pa msewu wa Zóbuè magalimoto ankayenda pamndandanda, asilikali akuperekeza. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, mwezi womwewo nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokhululukira milandu ya nkhondo. Kunalibe bwalo ngati la Orestes, kunalibenso bungwe lofufuza coona monga linakhalira ku South Africa. Obwerera kupyola pa Zóbuè mu 1993 ndi 1994 anapeza woocha nyumba yao akutunga pa citsime cimodzimodzi. Ambiri anasambitsidwa ndi mankhwala kwa asing'anga, ena anapemphereredwa kumpingo, nkhani nkukwiriridwa. Ife tiyesa kuti cimene cinasowa bwalo ndico cimaturukira m'masewero a ophunzira athu, ngakhale a ana obadwa nkhondo itatha.

Ndiye sitikuti muwaletse. Munthu amene waphunzira dzulo kulemba dzina lake, nafuna lero kulemba za imfa ya mbale wake, wagwira pensulo pa cinthu ceniceni. Koma musalole dzina la munthu kapena la mudzi weniweni kulowa m'sewero, pakuti oonera anu ndi a mbali zonse ziwiri, ndipo amadziwana. Cina, sewero likathera pa nkhwangwa, afunseni alembe gawo lina: mawa lake kunaca bwanji? Maliro aciwiriwo anakumba manda ndani? Wobwezerayo anagona kuti?

Tinaziyesa pa kalasi ina kufupi ndi malire. Ophunzira anakangana milungu iwiri, ena ati wobwezerayo athawire ku Mwanza, ena ati amangidwe apite kwa mfumu. Potsiriza anagwirizana zoti mai wa wophedwa waciwiri alowe pabwalo ndi mbale ya ufa, kudzapempha nkhuni kwa mai wa wophedwa woyamba, popeza pamudzi panalibe wina womthandiza kuphika pamaliro. Amene anatenga mbali ya mai woyambayo anali gogo wa zaka zoposa 60. Pokonzekera ankapereka nkhunizo bwinobwino, monga momwe analembera okha m'kope. Pa tsiku la sewero, anthu atadzaza pansi pa mtengo wa mango, gogoyo anaima ndi mtolo m'manja nthawi yaitali, osaupereka, osaubweza. Mtsogoleri wa kalasi anamnong'oneza mau ake kawiri, kuyesa waiwala. Iye anati, “Sindinaiwale ai, aphunzitsi. Tadikirani pang'ono.”